Maiko Anayi a Pasimenti

Amayi,

Kodi kumene muliko mukudzuka bwanji masiku ano? Ife kuno ku Chinakanaka tilipo. Mvula yayamba bwino ndipo chimanga chafika m'mawondo. Ndatenga nthawi ndisanakulembereni, osati chifukwa chosowa nkhani, koma ina mwa nkhanizo sindinkadziwa poigwira.

Ndiyambe ndi zopepuka. Mpongozi wanu, mkazi wa achimwene a Fanuel, anachira. Ndi mwana wamwamuna, mutu waukulu ngati wa bambo ake, ndipo akalira amadzutsa ndi nkhuku zomwe. Achimwenewo akadali ku Likhubula, kunyamulira alendo katundu pokwera phiri, ngakhale bondo layamba kuwavuta potsika. Nandolo chaka chatha anabereka mpaka tinagawirako anthu. Koma nthochi zanu za kuseri kwa bafa zinagwidwa ndi matenda aja opinimbiritsa masamba, tinachita kuzula zonse. Ndinalira pozula, ndisakunamizeni. Kalongonda, nyemba zathu zochedwa kupsa zija, ndimaphikabe. Ana amati wa agogo ankakoma kuposa wanga, ine ndimawauza kuti adzayese kumuphika okha, aone mmene nkhuni zimathera.

Tsopano ndikufunseni: mukuwakumbukira Maiko Anayi?

Ine ndinali nditawaiwala, kapena ndinene kuti ndinawaika patali. Tinkakhala m'nyumba za kampani ku esiteti, kachipinda kamodzi ndi pabalaza. Lamulungu masana tikachoka ku tchalitchi, mvula n'kutitsekera m'nyumba, inu munkatola khala m'mbaula n'kugwada pasimenti. Zala zanu zinali zakuda kale ndi utomoni wa tiyi, ndiye khalalo silinkasintha kanthu. Munkajambula maiko anayi, malire ake okhotakhota, n'kunena kuti, "Amene sakufuna kusewera akatsuke mbale." Palibe anapitapo kukatsuka mbale.

Dziko la Moto munkaliika pafupi ndi khomo. Anthu ake anali osula zitsulo, osachedwa kupsa mtima, ndipo sitima yawo inkayendera makala osazima. Dziko la Mphepo linali kumunsi kwa zenera, kumene anthu ankauluka pa malichero a injini, injini zake zomwa nkhungu. Ku Dziko la Dothi kunali chigayo chimene ukathiramo miyala chinkatulutsa mchere. Ndazindikira nditakula chifukwa chake munkachikonda chigayo chimenecho: mchere unkatithera pakati pa mwezi. Ndiye panali Dziko la Madzi, pakona podontha denga paja, la nyumba zoyandama ndi wailesi ya chigoba cha nkhono. Munkati ukaika chigobacho kukhutu umamva mawu a munthu amene akukuganizira.

Aliyense ankasankha kuti akhala ndani. Ine ndinali makaniko wa malichero. Achimwene nthawi zonse ankafuna kukhala woyendetsa sitima, ndipo nthawi zonse ankaigwetsera m'phompho. Inu munali ena onse: mfumukazi, wakuba, mbuzi yolankhula, ngakhale mlonda wa pa chipata cha Madzi, amene munkamulankhulitsa Chilomwe mutatsina mphuno kuti tisamve zonse. Tikafuna kuchita chinthu chovuta, kulumpha mtsinje kapena kunamiza mlondayo, tinkaponya tizitsekerero ta mabotolo. Tambiri tikagwa chagada, zatheka. Tikagwa chafufumimba, zakanika. Achimwene akayamba kulira kuti aponyenso, munkati, "Zagwa zagwa, mwana wanga. Tsopano utani?"

Nkhani yovuta ija ndi iyi. Inu mutapita, kunabwera mvula imene sitinaionepo. Inagwa masiku otsatizana osapumira, kenaka m'mawa wina phiri linabangula, napolo n'kutsika ndi miyala ikuluikulu ngati nyumba. Ife anatiphonya. Anadutsa kumunsi kwa dimba, natenga nyumba za kutsidya kwa khwawa. Mmodzi mwa anthu amene anapita ndi Chisomo, kamtsikana ka mpata m'mano kaja kankabwera kudzasewera phada ndi mdzukulu wanu Tadala, kamene munkakapatsa chinangwa chootcha. Sanapezeke, Amayi. Makolo ake anabwerera kwawo ku Mozambique.

Tadala sanalire. Pa mapemphero sanalire, kunyumba sanalire. Anangosiya zinthu chimodzichimodzi. Anasiya phada, anasiya kuimba, chakudya ankangotola pang'ono. Chilimwe chonse tinkati mwina zatha. Koma mitambo itangoyamba kusonkhana paphiri, mwana anayamba kulowa pansi pa bedi. Kukachita mdima kumwamba, kusukulu sapita, ngakhale umukoke. Bambo ake anayesa kumukalipira, anayesa kumunyengerera ndi sikono. Tinapita naye kuchipatala, anati thupi lili bwino, tizicheza naye. Abusa anabwera kudzapemphera. Aphunzitsi ake anatumiza uthenga kuti akapitiriza kujomba abwereza kalasi. Ine kalasiyo sinkandidetsa nkhawa. Ndinkaona mwana wanga akuchepa m'maso mwanga, ndipo ndikamufunsa ankangoti, "Palibe."

Loweruka lina achimwene anatsika kudzationa, mvula n'kuwatsekera kwathu. Inkagunda malata mwamphamvu, Tadala ali pansi pa bedi, tikungoona mapazi. Achimwene anayang'ana mapaziwo nthawi yaitali, kenaka anayang'ana mbaula.

"Esnart," anatero, "khomo lili uko. Ndiye kuti Moto ukhala apa."

Poyamba sindinamve. Nditamva, ndinatola khala. Malire anga, Amayi, sanakongole ngati anu. Tinakangana ndi achimwene za kumene kunali chigayo, ngati ana. Yamikani, mwana wanga wamkulu, amene tsopano ali ku sekondale ndipo amadziona ngati bambo, anati masewera oterewa alipo pa foni, a zithunzi zoyenda. Ndinamuuza kuti a pa foniwo sadziwa dzina la mbuzi yathu. Anaseka, nakhala pansi, n'kusankha kukhala wakuba wa ku Dothi.

Tinasewera mokweza dala. Achimwene anakwera sitima yawo, naponya tizitsekerero, tonse n'kugwa chafufumimba. Munthu wa imvi m'ndevu, kugwetsanso sitima m'phompho! Tikuseka choncho, tinamva mawu kuchokera pansi pa bedi.

"Amalume, bwanji simunamange mabuleki?"

Tsiku limenelo sanatuluke, koma mutu unaonekera. Ulendo wotsatira anatuluka, nati iye akhala wosula zitsulo wa ku Moto. Asanakhale pansi anatenga chisanza chonyowa n'kufufuta Dziko la Madzi lonse. Achimwene anandiyang'ana. Koma ine tsiku lina lililonse losewera ndinkalijambulanso, iye n'kulifufuta, masewera n'kuyamba. Tinapitirira choncho milungu ingapo, achimwene akubwera kumapeto a sabata iliyonse. Mvula ikayamba ankathamangirabe ku bedi, koma akamva khala likukwecha pasimenti ankabwera. Anasulira amalume ake mabuleki. Anapangira Yamikani nsapato zosamveka mgugu. Tsiku lina ndinamumva akuseka, ndinatuluka panja ngati ndikukaona nkhuku, kuti asaone nkhope yanga.

Za wailesi ya chigoba anazitchula ndi achimwene, mosaganiza, pofotokoza za kale. Tadala anafunsa kuti imagwira bwanji ntchito. Achimwene anamuuza. Lamulungu lotsatira sanatenge chisanza. Anaika kamwala kake kosewerera pamalire a Dziko la Madzi n'kunena kuti, "Ndikupita uko. Ndekha."

Amayi, ndinatsina mphuno monga munkachitira. Chilomwe changa ndi chothyokathyoka, ndiye mlonda wanga analankhula Chichewa.

"Ndani akugogoda pa chipata changa?"

"Ndine wosula zitsulo wa ku Moto. Ndikufuna wailesi."

"Ukufuna kumva ndani?"

"Chisomo."

Yamikani anaweramitsa mutu. Achimwene anandipatsira tizitsekerero, koma ine sindinatilandire. Ndikanaponya n'kugwa chagada, ndikanayenera kulankhula ngati Chisomo, kumuuza kuti ndili bwino, usadandaule. Mawuwo anali kale pakamwa panga, ndipo ndikudziwa kuti akanamwetulira. Koma ndinaona mmene ankandiyang'anira. Sanali kusewera. Ndipo inu, ngakhale munkatipatsa mbuzi zolankhula, tikakufunsani chinthu ndi maso otero simunkatinamiza. Tsiku limene ndinakufunsani ngati bambo adzabwerenso kuchokera ku Joni, munasiya khala pansi n'kundiuza kuti ayi.

Ndinati, mphuno ndili chitsinire, "Wailesi yanga imagwira amoyo okha. Chisomo ndinamutenga, ndipo sindingathe kumubweza."

Anandilumphira. Anandimenya pachifuwa ndi tizibakera take, akukuwa kuti, "Ndiwe woipa! Ndiwe wakuba! Bwanji sunatenge miyala yokha?" Mwana amene sananditchulepo kuti iwe chibadwire. Bambo ake anatulukira kuchipinda kuti amuletse, achimwene anawagwira mkono. Ndinamusiya amenye mpaka manja anafooka. Kenaka kulira kunabwera, kulira kwa miyezi yonse ija, ndipo m'kati mwa kuliramo ndi mmene anatiuza. Dzulo lake la napolo, iye ndi Chisomo anakangana pa phada. Tadala anamuuza kuti, "Usadzabwerenso kwathu." Ndipo m'mawa wa tsiku la napololo Chisomo sanabwere. Mwana wanga anakhala nazo yekha nthawi yonseyi, akuganiza kuti akanapanda kunena mawu amenewo, mnzake akanakhala ali pakhonde pathu phiri likutsika.

Ndinachotsa dzanja pamphuno. Ndinamuuza ngati mayi ake kuti m'mawa umenewo panalibe mwana amene anatuluka m'nyumba, mvula inali yoopsa, ngakhale iye mwini sindikanamulola kupita kwa Chisomo. Achimwene anamuuza kuti iwo ndi ine tinauzanapo mawu oposa amenewo kambirimbiri, mawa lake n'kudyera mbale imodzi, ndipo iye ndi Chisomo zikanatha chimodzimodzi. Sindikudziwa ngati anakhulupirira zonse. Anagona pamiyendo panga dzuwa lisanalowe, malaya anga atanyowa, makala atadetsa tonse awiri.

Sindikuuzani kuti wachira, chifukwa mungadziwe kuti ndikukometsa. Kukagunda bingu amandigwirabe chitenje. Koma akudya, ndipo sabata yatha anapita kusukulu kukuwaza, atafunda pepala la pulasitiki, akuyenda mothamanga osayang'ana kuphiri. Ndinaima pamsewu mpaka anakhota. Ku masewera nako, tsopano akumanga belu lalikulu ku Dziko la Moto. Akuti lidzaikidwa pamalire a Dothi ndi Madzi, ndipo lizidzalira lokha phiri likamwa madzi ambiri, kuti anthu athawe. Wakhala akutuma Yamikani kukaba zitsulo zake m'maiko onse. Tizitsekerero tamukanira kawiri, koma sanapemphe kuponyanso. Anangoti ayesa njira ina.

Ana a oyandikana nawo anamva, ndiye Lamulungu pabalaza pamadzaza. Ena amabwera ndi tizitsekerero tawo m'matumba. Simenti yanga siyeranso, ndipo bambo a Tadala amadandaula kuti makala akutha msanga, koma ndinawapeza tsiku lina akufunsa Yamikani ngati ku Mphepo kukufunika woyendetsa lichero.

Pali chimodzi chimene ndikukupemphani. Sindikudziwa mmene zinthu zimakhalira kumeneko, ngati anthu amaonana kapena ayi. Koma ngati mungakaone kamtsikana ka mpata m'mano kakuyenda kokha, kaitaneni. Kamachita manyazi poyamba, koma mukakafunsa kuti kakufuna kukhala ndani, kayankha. Mukauze kuti Tadala sanakwiye. Tadalayo akuti mwala wa phada umene ankalimbirana uja unali wa Chisomo ndithu, ndipo iye ankadziwa.

Mvula ikatha ndibwera naye kudzalambula pamanda panu. Akufuna adzakuuzeni yekha ngati belulo lalira. Ndikulonjeza kuti sindimufulumizitsa, ndipo tsiku lililonse limene adzagogode pa chipata chija, adzandipeza ndilipo.

Ndimakukondani, Amayi, lero ngati kale.

Ndine mwana wanu,
Esnart