Zaka Zinayi Ukudya Mazira Anga

Loweruka, 22 Febuluwale

Tagonja. Pakhomo pathu pomwe, 68 kwa 67. Kugonja ndi a Eldridge, timu ya basiketibolo imene chaka chonse chino yangopambana kanayi.

Ndikapanda kulemba ndiswa mbale. Chigawo choyamba chinatha tili patsogolo ndi mapointi 14. Amuna anga a Vern anatsika kukagula mbuliwuli akuimba mluzu, ati lero ndiye tadya zofewa. Chigawo chachiwiri anyamata athu anangokhala ngati awathira madzi ozizira. Mpira kupatsa adani, kuponya osayang'ana, kuthamanga mokoka miyendo. Kochi Brandvold manja m'thumba, maso kudenga. Osaimitsa masewera ngakhale kamodzi kuti awalankhule.

Kutatsala masekondi atatu wina anamukankha Cordell, woyimbira n'kumupatsa mipira iwiri yaulere. Iye yekha pamzere, wopanda womutchinga. Ukalowa umodzi tafanana, ikalowa yonse tapambana. Anthu 8,000, phee. Woyamba unagunda chitsulo n'kubwerera. Wachiwiri sunafike n'komwe paneti.

Bwalo lonse linayamba kukuwiza. Ine zaka 27 ndili pampando womwewo, mzere wachinayi kuseri kwa neti, sindinakuwizepo timu yathu. Lero ndinaimirira. Ndinakuwa mpaka kummero kuwawa, ndipo ndinanena zinthu. A Vern anandikoka juzi, ine n'kuwasasa dzanja.

Potuluka aliyense akungodandaula. Bambo wina anang'amba tikiti n'kuipondaponda. Mayi wina kumbuyo kwathu: "Agogo anga ali ndi ndodo akanalowetsa umodzi."

Za mpikisano waukulu wa mu Marichi tingoiwala. Koma chimene chikundidya si chimenecho. Chikundidya n'chakuti anali Cordell.

Cordell Mabry wakhala akudya pamzere wanga ku kafiteriya ya koleji kuyambira sabata imene anafika kuchokera ku Arkansas. Mazira anayi okazinga m'mawa uliwonse. Amayi ake anamwalira iye ali chaka chachiwiri pakoleji, za bambo satchula. Loweruka likudzali ndi masewera omaliza apakhomo, tsiku limene osewera amene akumaliza sukulu amaperekezedwa ndi makolo awo mpaka pakati pa bwalo. Mu Januwale anandifunsa, thireyi ili m'manja: "Mayi Ruthann, mungandiperekeze inuyo?" Diresi ndinagula kale, lili m'kabati.

Mwina sanamve. M'phokoso lonse lija angamve bwanji?

Lamulungu, 23 Febuluwale

Anamva. Dziko lonse lamva.

Luanne, mnzanga wa kukhitchini, wanditumizira vidiyo ndisanamwe n'komwe khofi. Kamera ya TV inali pa ine. Nkhope yofiira, tsitsi nyankhalala, chala chitaloza mwana wa eni: "Zaka zinayi ukudya mazira anga, kulephera kulowetsa mpira umodzi!" Mawu akumveka bwinobwino. Pansi pake Luanne walemba, "Watchuka mnzanga."

Kutchalitchi abusa anandigwira dzanja pakhomo nthawi yaitali, kumangopukusa mutu. Bola akanandikalipira.

A V. akuiona ngati nthabwala. Tikudya masana: "Mayi, inetu zaka 35 ndikudya mazira anu, mundikuwiza liti?" Ndawauza kuti mawa adzikazingire okha.

Pawailesi aliyense m'tauni muno wasanduka kochi. Bambo wina wa ku garaja akuti Brandvold achotsedwe lero lomwe. Wina akuti vuto ndi nsapato zatsopano. Wina, amene ndikumudziwa bwino kuti sangathamange kuchoka pakhonde kufika pabokosi la makalata, akuti Cordell alibe mtima wachimuna. Ndinazimitsa mokwiya. Kenako ndinakumbukira kuti ine ndinanena zoposa pamenepo, pamaso pake.

Ndalemba uthenga pafoni kanayi, kufufuta kanayi.

Lolemba, 24 Febuluwale

Cordell sanabwere. Nthawi yake ndi 7:10, ndiye 7:05 ndinaswa mazira anayi mwachizolowezi. Anzake a timu anabwera mitu ili pansi, "Mwadzuka bwanji, mayi," basi. Wina wamtali wa ku Ohio anakaima pamzere wa Luanne, chinthu chimene sanachitepo. Mazira anauma pachiwaya, ndinataya.

Ana ena a sukulu ndiye akubwera dala. "Mayi, tipatseniko mazira olowetsa mpira." Wina kupempha kujambulitsa nane. Mtsikana wina wandiuza monyadira kuti akusindikiza malaya olembedwa mawu anga aja. Ndinamufunsa ngati mayeso anamaliza kuwerengera.

Bwana anandiitanira mu ofesi. Ati zimene ndimachita Loweruka ndi zanga, koma kafiteriya isamveke pa TV. Ndinati sindinatchule kafiteriya, ndinatchula mazira. Sanaseke.

Luanne akuti ndizisiye, mwana ndi mwana, aiwala. Luanne sanamuone mwanayo sabata imene anabwerako kumaliro a amayi ake. Ankangokhala patebulo la pakona mpaka nthawi yotseka, ine n'kumapukuta matebulo oyera kale kuti asakhale yekha.

Lachiwiri, 25 Febuluwale

Sanabwerenso. Akuti akugula mabanzi a m'pepala pamalo othirira mafuta. Wosewera, sabata ngati ino, chifukwa cha ine.

Lachitatu, 26 Febuluwale

Amene akundinyansa kwambiri ndi ondiyamikira. A Dale oyandikana nafe anawoloka msewu, fosholo yochotsera chipale chofewa ili paphewa: "Ruthann, mwatilankhulira tonse. Ana amenewa tawasasatitsa." Ndinati a Dale, inu munaponyapo mpira anthu 8,000 akukuyang'anani? Ati si ntchito yawo. Ndinati chabwino, chotsani chipale, imeneyo ndiye yanu.

Kugolosale mayi wa pakauntala anandinyamulira bokosi la mazira m'mwamba kuti anzake aone, onse kuseka. Ndinangolipira n'kutuluka, mkaka n'kuuiwala pompo.

Koma ndisaname, buku lino ndi langa. Ndikaonanso mpira wachiwiri uja mtima umapsabe. Osafika n'komwe paneti. Zaka zinayi akuphunzira chinthu chimodzimodzi, pamzere womwewo, neti yomweyo. Ndiye ndakwiyira iye, ndakwiyira Brandvold, a Dale, wailesi, ndi mayi wa nkhope yofiira wa m'vidiyo uja. Madzi akatayika sawoleka, ndikudziwa, palibe chifukwa choti Luanne azindiuza katatu patsiku.

Timu yapita kukasewera koyenda. Ndauza a V. kuti sindionera. Ati chabwino, n'kukweza TV kuti izimveka mpaka kuchipinda.

Lachinayi, 27 Febuluwale

Apambana dzulo, 81 kwa 70. C. mapointi 24. Mipira yaulere isanu ndi iwiri, yonse kulowa.

Ndiye taonani tauni ino. Wailesi yomwe ija, anthu omwe aja: Cordell ndi ngwazi, ife tinkadziwa kale, mayi uja wa mazira achite manyazi, anthu otere asamaloledwe m'bwalo. Wotsogolera nyimbo ndi wa ku garaja yemwe uja. Kukhala ngati Loweruka ndinkakuwa ndekha, ena onsewo ankapemphera. A Dale andiona pakhonde, alowa m'nyumba osapereka moni.

Kuntchito mzere wanga unali wa anthu atatu, wa Luanne kufika pakhomo. Mwendo wake wamanzere umatupa, ndiye pofika 9 koloko anali atandikwiyira nayenso. Ati, "Ukakuwa iwe, kuthyoka msana ine."

Masana anaimba foni mayi wa ku ofesi ya zamasewera, wokonza mwambo wa Loweruka. Ati dzina langa likadali papepala. Cordell sananene kuti lichoke, sananenenso kuti likhale. "Mwina mukanalankhulana," anatero, mochita kusankha mawu.

A V. lero sanaseke. Ati, "Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, Ruthann. Kapena mukudikira kuti mwanayo adzakupepeseni chifukwa choti munamunyoza?" Zimandinyansa akamanena zoona. Ndaphika keke ya mapichesi, yoyamba inapserera, ndaphika ina.

Lachisanu, 28 Febuluwale

Sanabwere kudzadya. Nditaweruka ndinapita ku holo imene amakonzekerera. Anzake anali atapita. Iye ali pamzere uja, kuponya, kutola, kuponya. Ndinaima pakhomo ndi keke ngati wogulitsa malonda, mpaka ndinawerenga mipira khumi ndi isanu. Anali atandiona kalekale.

Ndinati, "Cordell, ndinalakwa. Ndilibe chodziikira nacho kumbuyo."

Anaponya wina. Unalowa.

"Mukudziwa, mayi, kukuwiza ife sitimva," anatero osandiyang'ana. "Anatiphunzitsa. Limangokhala phokoso, ngati mvula padenga. Koma mawu anu ndimawadziwa. Ndi amene amandiitana dzina m'mawa uliwonse. Pa anthu onse aja ndinamva inu nokha."

Ndinasowa poika maso. Ndinati ndinapsa mtima chifukwa ndinkafuna zimuyendere bwino. Bodza. Ndinapsa mtima chifukwa ndinkafuna tipambane, ndipo iye anadziwa. Anandiyang'ana koyamba, mpira uli m'khwapa.

"Amayi anga ankandikalipira kuposa pamenepo," anatero. "Koma m'galimoto, mawindo atatseka."

Ndinafunsa za mawa. Ndinati ngati wapeza wina ndimvetsa, sindidandaula, bodza linanso. Ati kochi wadzipereka kuti amuperekeze, ndipo sanamuyankhe. "Mubwere pakhomo la osewera 1 koloko. Panopa sindikudziwa." Anabwerera pamzere. Ndikutembenuka anawonjezera, "Kekeyo isiyeni pabenchipo."

Ndinakhala kaye m'galimoto ndisanailize. Zimandiwawa, ndipo zimandiwawa kwambiri chifukwa sanakweze mawu ngakhale pang'ono.

Kunyumba ndapeza a V. atasita diresi, khwinya limodzi atalisiya pamsana. Ati ngakhale akakubwezereni pakhomo, mubwerere mutatchena.

Loweruka, 1 Marichi

Masewera tapambana, 74 kwa 70, koma si zimene ndikufuna kulemba.

A V. ananditula pakhomo la osewera n'kupita kumpando. M'kanjira kotulukira m'bwalo munali makolo a anyamata ena atatu, masuti, maluwa, mafoni m'mwamba. Mayi wina anandiyang'ana n'kunong'oneza amuna ake, amunawo n'kucheuka. Brandvold anaima chapafupi, jekete atamanga mabatani, wokonzeka. Ine ndinatsamira khoma, nsapato zikundiluma, osadziwa ngati ndine mlendo woitanidwa kapena wolowerera.

Atatu aja anatuluka mmodzimmodzi, bwalo likuwomba m'manja. Cordell anali womaliza. Anatuluka m'chipinda chovalira, anagundana chibakera ndi kochi, n'kudutsa. Anaima pambali panga, n'kupinda chigongono. Ndinalowetsa dzanja. Brandvold anamasula mabatani.

Wolengeza: "Nambala 32, Cordell Mabry, akuperekezedwa ndi Mayi Ruthann Stolle." Nkhope yanga inatulukira pa TV yaikulu ya kudenga.

Zinayambira kumbali ya ana a sukulu, ena atavala malaya a mawu anga omwe. Kenako zinafalikira bwalo lonse. Kukuwiza. Anthu amene ndakhala nawo mipando yoyandikana zaka zonsezi, amene sabata yatha tinkakuwa limodzi. Sindinkadziwa kuti pansi pamenepa zimamveka choncho. Phokoso silichokera mbali imodzi, limangokugwera pamutu, matabwa n'kumanjenjemera kumapazi. Ndinkafuna kubwerera m'kanjira kaja.

Cordell anawerama mpaka pakhutu langa. "Osayang'ana m'mwamba, mayi. Sankhani thabwa limodzi patsogolo, mulifike, musankhe lina."

"Sasiya?"

"Sasiya. Tiyeni."

Ndinasankha thabwa, ndinalifika, ndinasankha lina. Pofika pa lachisanu ndinazindikira kuti mkono umene ukunjenjemera si wanga wokha. Anandipanikiza dzanja m'chigongono mwake, ndipo sanalimasule mpaka tinafika pakati.