Makapisozi a Amayi M'thumba la Mbatatesi

Ndirande, Blantyre
2 Malichi 1991

Okondedwa achemwali a Lukia,

Asalamu alaikumu. Muli bwanji kumeneko ku Manjawira, inu ndi alamu anga a Ahmad? Chifuwa cha Zena chija chinatha? Nanga mawondo a amayi akuti bwanji ndi mvula imeneyi? Kuno tili moyo, koma mtima wanga suli m'malo. Mukaona zilembo zokhotakhota musadabwe, ndikulemba nditapindika.

Thumba la mbatatesi munapatsira kondakitala wa basi lija lafika dzana, zikomo kwambiri. Pansi pake ndapeza kamfundo kansalu ka masiku onse, muli makapisozi a nyamakazi amene amayi amagula ku Lizulu. Nkhani yanga ili pa kamfundo kameneko.

Mukudziwa kuti chikwatiwireni kwa a Abbas sindinaimepo. Apongozi anga atopa nane. Anabwera mwezi wathawu, nkumangondiyang'ana pamimba ngati ndabisapo kanthu, ndipo pochoka ananena poyera kuti Idi ikangodutsa ankhoswe akhale pansi, a Abbas atenge mkazi wachiwiri. Mtsikanayo anamupeza kale, ndi mwana wa mnzawo wa ku Balaka. Nanga a Abbas? Munthu ameneyu akakhala pa lole yake amalalatira msewu wonse, koma pamaso pa mayi ake amasanduka mwana wasukulu.

Ndinapsa mtima, Lolemba ndinalawirira ku chipatala chachikulu. Ayufi anandibweza pa siteji ya basi poti khadi la chipani ndinalisiya m'chitenje china, moti ndinafika mzere utatalika kale. Anandiona ndi adokotala achizimayi, ndipo amene amamasulira ndi sisita wina, a Eliness Maliro, wa kwathu konko ku Kasinje. Nditatchula ululu uja umandigwira m'munsi mwa mchombo mbali imodzi, pakatikati pa kusamba kwina ndi kwina, anafunsa chimene ndimamwa. Ndinatulutsa makapisozi a amayi, ndinati ndimayamba kumwa ululuwo usanafike nkomwe, m'mawa ndi madzulo, mpaka masiku ake atadutsa. Awiriwo anangoyang'anana.

Achemwali, mvetserani bwino, chifukwa ine ndinachita kuwauza kuti abwereze. Akuti dzira la munthu wamkazi limakhala m'kathumba, ndipo silituluka mwaulemu ayi. Kathumbako kayenera kutupa, kutentha, kenako nkuphulika, monga chimachitira chithupsa chikapsa. Zimene zimatupitsa ndi timadzi tina timene asilikali a m'magazi amatumizirana ngati uthenga woitanizana, tomwe tija timatupitsa bala kapena bondo. Thupi limadzipangira dala kabala kakang'ono mwezi ndi mwezi kuti dzira lipeze potulukira. Tsono makapisozi a nyamakazi ntchito yake ndi kuzimitsa uthenga umenewo. Pa bondo la amayi zimathandiza. Mwa ine akuti mwina dzira limapsa ndithu, koma kathumba osaphulika, nkufera momwemo.

Ndinafuna kukhala pansi pasimenti. Zaka zonsezi ndamwa mizu yowawa, ndapita kwa mashehe, ndalira m'bafa kuti aneba asamve, osadziwa kuti mwina chitseko ndimadzitsekera ndekha ndi mankhwala a mawondo.

Sizinathere pomwepo. Mukukumbuka zimene anatilangiza azakhali, kuti mkazi akamva m'mimba ayale mphasa yake payekha mpaka achire? Ine ndimatero ndithu, mwezi uliwonse, monga mwana womvera. Sisita Maliro atamva anagwira pakamwa, anati masiku amene ndimathawira pamphasawo ndi omwewo oyenera kukhala pafupi ndi bambo akunyumba. Ndinachita manyazi mpaka ndinaseka, misozi ili mbwembwembwe.

Musaganize kuti andilonjeza mwana. Adokotalawo anati nzeru imeneyi ndi yatsopano, iwonso akuifufuzabe, ndipo vuto likhoza kukhala lina. Anati ndisiye makapisozi, ululu ukakula ndiike botolo la madzi ofunda, tione miyezi ingapo. Anatinso a Abbas nawonso akayezedwe. Nditawauza kunyumba, a Abbas anayankha kuti aona akabwerako ku ulendo, ndipo inu mukudziwa tanthauzo la kuona kwa amuna.

Pempho langa ndi limodzi. Mukwere basi mupite ku Lizulu kwa amalume a Adamu, poti nkhoswe wanga ndi iwowo. Muwapeze pa shopu m'mawa makasitomala asanachuluke, muwauze kuti akane tsiku la pambuyo pa Idi, apemphe kuti nkhaniyi idikire mpaka mvula yoyamba. Za mazirazi sangazimve kuchokera kwa ine, mwana wa mlongo wawo, koma inu muli ndi pakamwa pabwino, mudziwa pozungulira. Sindikukana chimene chipembedzo chimalola. Ndikungofuna miyezi yochepa yoti thupi langa ligwire ntchito yake popanda wolitseka pakamwa. Zikakanika apo, ndidzamulandira mtsikanayo ndi manja awiri, kapena ndidzabwera kudzakuthandizani kugulitsa sopo.

Koma amayi asamve chifukwa chake, ndakugwirani mwendo. Anayamba kundipatsa makapisoziwa ndili mtsikana, atandipeza ndikugubuduka kuseri kwa shopu yathu, ndipo mpaka lero amagawa pakati mankhwala a mawondo awo, iwo nkumatsimphina kuti ine ndisamve kuwawa. Akadziwa adzati adzukulu awo anawatsekereza ndi manja awo, ndipo sadzagonanso tulo. Muwauze kuti ululu uja unandisiya, makapisozi onse azimwa okha.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa azakhali, kwa alamu ndi ana onse. Zena mumuuze kuti diresi lake ndasoka, latsala mabatani.

Ululu wandiyamba m'mawa uno, kumanzere, ndipo ukuluma kuposa kale. Kamfundo ka amayi kali pawindo, sindinakamasule. Mphasa ija ndabwereketsa kwa aneba kuti ndisaione. A Abbas anapita ku Nchalo kukatenga shuga, anati afika lero kapena mawa, mwinanso mkuja msewu ukavuta. Lole iliyonse ikalira kumsewu ndikudzuka nditagwira pamimba kukasuzumira, ndipo yadutsa posachedwayi inali ya makala.

Pitani ku Lizulu sabata ino, musadikire Lachisanu.

Ndine mng'ono wanu,
Zubeda