Nsalu ya Maluwa Achikasu

Amayi, kodi mukudzuka bwanji kumeneko?

Ine ndikulemba ndili ku Halale, kumene munandituma muli pamphasa paja kuti ndikafune achimwene a Yohane. Ndisanayambe za kuno, dziwani kuti mlongo wanga Esinati anachira, mwana wamkazi, patangopita masiku asanu titakuikani. Mphuno ndi yanu. Mpunga wa kudimba la ku Bua tinakolola, ngakhale mvuu inadyako mbali ya kumtsinje. Bwato ndinasiyira alamu, koma sindikhulupirira kuti akuliika pamthunzi.

Ndinanyamuka tsitsi la kumeta kwa maliro anu lisanamere. Zovala zanga ndinamanga mu nsalu yanu ija ya maluwa achikasu. Chondilondolera chinali emvulopu yakale ya achimwene, ya nambala ya bokosi la kupositi la mzungu amene anachoka kalekale. Nkhope yawo sindinkaikumbukira, paja anachoka ndikuyenda chinochino.

Amayi, mzinda uno ulibe nyanja. Kwathu ukasokera umangoyang'ana kumene kuli madzi, basi wadziwa njira. Kuno ndinachita zausodzi: ndinalunjikitsa mtengo wa bulugama ndi denga lofiira, monga timachitira poika chizindikiro pamene tatchera ukonde. Pobwerako madzulo ndinapeza mabulugama ponseponse, madenga onse ofiira, nyumba za kulokesheni zofanana ngati mazira. Ndinalowa pakhomo pa eni, mayi wina nkundithamangitsa ndi tsache.

Munkanena kuti, "Munthu akakusekerera usanamupatse moni, gwira katundu wako." Ndinagwiradi. Wapolisi wofunsa chitupa ndinamukayikira. Wina wonena kuti ngwa ku Dwambazi, ati andiperekeze, ndinamufunsa dzina la dooko la kwawo, anachita chibwibwi, ine nkumusiya pomwepo. Phukusi sindinalisiye ngakhale popita kuchimbudzi.

Koma amene anandisowetsa mtendere ndi bambo wina wa jekete lotuwa. Ndinamuona koyamba pamsika wa mabasi. Ndikawoloka msewu, iye wawoloka. Ndikaima kufunsa pa mageti a azungu, iye waima patali, maso ali pa phukusi langa. Masiku atatu! Ndinati mbala iyi ikudikira kuti nditope. Ndinkakhota dala m'tinjira, nkusokera ndekha, iye osasokera.

Tsiku lachinayi mtima unandipsa. Ndinatola mwala, nkutembenuka, ndati, "Mukufuna chiyani kwa ine, bambo inu?"

Anavula chipewa. Anayankha m'chilankhulo chathu: "Nsalu imeneyo ndinagula ine, ndi malipiro anga oyamba. Ndinatumiza ku Bua."

Mwala uja sindinataye msanga. Ndinafunsa dzina lanu, anatchula. Ndinafunsa mtengo wa pakhomo pathu, anati mango wopindika uja munkamangapo mbuzi. Ndiye ndinati, "Nanga masiku atatu onsewa osandiitana bwanji?"

Anati, "Ndinaona mutu wako wometa, ndi nsalu ya amayi ili pa phukusi, osati m'chiuno mwawo. Ndinati ndikapanda kufunsa, akhalabe moyo tsiku lina."

Amayi, ndinalira pamsewu, azungu akudutsa pa njinga. Ndinali nditasunga mawu aukali a zaka zonse zimene munkakhala pakhonde kudikira mtengatenga wa makalata. Sanatuluke ndi amodzi omwe.

Kunyumba kwa achimwenewo kuli mkazi wosamva chinenero chathu ndi ana awiri amene simunawamvepo. Akuti tinyamuka limodzi mwezi ukatha. Kunena zoona sindikuwakhulupirira kwenikweni, paja anakuuzaninso kuti akakhala chaka chimodzi chokha. Nchifukwa chake ndikugona chopingasa pakhomo, ndipo njira ya kuntchito kwawo ndaiphunzira bwino, popanda bulugama. Tsopano wotsata mnzake ndine.

Dzulo anandipatsa lumo, nkukhala pansi kuseri kwa nyumba. Ndinawameta ndekha, mpala. Tsitsi lawo lili ndi imvi, Amayi.

Nsalu yanu ndidzabwera nayo, ndipo amene anaigula adzagwada pamanda anu mvula isanagwe. Ndalonjeza.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Simeoni