Waya Amene Mwamanga pa Mjigo

Gazipur, mwezi wa Choitro

Achimwene a Motaleb,

Assalamu alaikum. Ndikhulupirira Allah akukusungani bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga amayi, bondo lija likuwalola kugwada poswali? Ine kuno ndili bwino, kupatula chifuwa cha fumbi chimene aliyense ali nacho. Ntchito yokweza ma antena a intaneti pamadenga a anthu ikuyenda, ngakhale dzuwa likutiwamba.

Ndalemba kalata chifukwa pa foni mumandidula mawu n'kumaseka. Pepala simungalidule mawu.

Rokeya, mwana wa malume a Torab, anafika kuno kudzayamba ntchito yosoka kufakitale. Tikudya mpunga ndi nsomba zouma zimene amayi athu anamupatsira, anandiuza mosangalala kuti antena ija ndinatumiza mwaikweza kale pa nsungwi yaitali kuposa mitengo yonse ya pakhomo, ndipo mudzi wonse ukubwera kudzaonera mpira. Ndinakondwa. Kenaka ndinafunsa za waya wamkuwa uja. Anati mwamumanga pa paipi ya mjigo.

Achimwene, wayayo ntchito yake ndi imodzi: mphezi ikamenya antena, moto utsike naye mpaka m'nthaka. N'chifukwa chake ndinaika m'katoni ndodo yachitsulo, kuti muikhomere pansi kuseri kwa khola kumene sikudutsa munthu. Rokeya akuti ndodoyo mwamangirirapo mbuzi.

Nditakuimbirani munandiyankha kuti paipi ya mjigo inalowa pansi kwambiri kuposa kandodo kangako, ndiye mphezi ikafika kutali ndithu. Munanditchanso injiniya wa padenga, ati ndakhalitsa m'tauni mpaka ndayamba kuopa mitambo ngati kamwanapiye. Sekani. Koma mundiyankhe: amagwira chitsulo cha mjigowo kasanu pa tsiku ndani? Pokonzekera kuswali, amayi satawaza ndi madzi ogonera m'ndowa, amafuna otunga kumene. Amaima pa simenti yonyowa opanda nsapato, manja onse pachitsulo, kaya kukugwa mvula kaya kukugunda. Inu mwaitana mphezi kumwamba n'kuilozera njira yopita m'manja mwa mayi amene anakuberekani.

Chinandiwawa koposa n'chakuti munati tsiku la munthu analemba ndi Allah. Zoona, sinditsutsa. Koma analembanso kuti Motaleb ndiye amange wayayo?

Ndikuulula, nditadula foni ndinakutchulani dzina limene mng'ono sayenera kutchula mkulu wake, anzanga akumva. Lachisanu kumzikiti ulaliki wonse unangondidutsa, mutu uli pa mjigo. Ndapempha chikhululukiro kwa Allah, ndipo ndikupemphanso kwa inu. Koma mkwiyo sunathe, ndisaname.

Mwezi wa Boishakh wayandikira, ndipo mukudziwa mmene mphezi imagwetsera anthu m'minda ya mpunga kwathu nthawi yokolola. Pempho langa ndi limodzi: tsitsani nsungwiyo. Musankhe tsiku lopanda mitambo, mukhale awiri, osaponda malata onyowa, ndipo isapendekere kumene kuli mawaya a magetsi. Ikafika pansi ndiye mumasule waya ku mjigo. Kungomasula waya antena ili m'mwamba sikuthandiza, chifukwa moto udzatsata waya winayo wolowa m'nyumba. Anthu a mpira akadandaula auzeni kuti wakaniza ndi Tofazzal, atukwane ine, ndili kutali sindimva. Ndikabwera pa Eid ndidzaikweza ndekha mmene iyenera kukhalira.

Moni kwa alamu a Shefali, kwa azakhali, ndi kwa ana onse. Amayi muwagwire mapazi powalonjera mwaulemu m'malo mwanga, muwauze nsomba zinafika ndipo zinakoma. Malume a Torab ndawalembera kalata yawo, kuwauza kuti Rokeya wapeza pogona pabwino. Malumewo adzadutsa pakhomo panu kudzaona. Akadzapeza nsungwi ikadali chilili, ndawapempha amasule chogwirira cha mjigo apite nacho kwawo. Zikatero mudzawafotokozere amayi nokha, mukuwayang'ana kumaso, chifukwa chimene alibe madzi otawazira.

Allah akusungeni nonse.

Mng'ono wanu, amene amakulemekezanibe,
Tofazzal