Mavoti a Tadala pa Foni Imodzi

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji? Kuno ku Mayani chisanu chikuluma monga mwa masiku onse, koma kachewere wabereka bwino m'munda wanu wa kumtunda. Mkazi wa Yohane wachira, mwana wamkazi, tam'patsa dzina lanu. Liwu lake limamveka mpaka kumsewu, ndiye dzinalo lamuyenera.

Nkhani yaikulu ndi ya mdzukulu wanu Tadala, uja munkamukalipira chifukwa chojambula pakhoma ndi makala. Tsopano amajambula pa kompyuta zithunzi zoyenda ndi kulankhula, zija amati katuni. Anapanga ya mayi wokalamba wotola nkhuni m'Phiri la Dedza, akuzembana ndi alonda a nkhalango. Nditaionera ndinalira. Kayendedwe kake, kamangidwe ka duku, ndinu ndithu.

Anailowetsa pa mpikisano wa ku Lilongwe. Wopambana amam'tumiza kusukulu ya ntchitoyi, ndipo anthu amavota pa foni. Kwathu kuno mafoni a intaneti ndi owerengeka. Tikatuluka m'tchalitchi, anthu ankandanda pachulu pamene netiweki imagwira, n'kumalandirana foni yanga. Ngakhale a Nabanda, amene simunkamwerana nawo madzi, anabwera kudzavotera duku lanu.

Kenako uthenga unafika wakuti mavoti ake afufutidwa, ati achokera pa foni imodzi, ndiye kuti wabera. Mwana wanga, wakuba! Ndinapsa mtima, Amayi, ndinafuna kukwera minibasi kukawalalatira eni mpikisanowo ku Lilongweko. A m'tauni aliyense ali ndi foni yake, ena ziwiri. Ife tikabwerekana ndiye tasanduka mbava?

Paja munkati, "Kuona maso a nkhono n'kudekha." Ine sindinatengere, koma Tadala anatengera. Anakhala pansi n'kujambula katuni ina yaifupi: mzere wa anthu pachulu, foni ikuyenda m'manja, a Nabanda akuipukuta ndi chitenje asanadine. Anawatumizira eni mpikisanowo osawonjezera mawu.

Iwo anapepesa, Amayi. Analengeza kuti Tadala sanabere, ndipo ati chaka chamawa akonza kavotedwe kuti obwerekana mafoni asatayidwe. Koma malo a sukulu aja anali atam'patsa kale wina.

Zimandiwawa, sindikubisirani. Komabe ndikamapita kumsika ndimayenda monyadira, chifukwa dzina lake analiyeretsa yekha, ndi manja ake. Dzulo ndinam'peza wayamba kujambula ina.

Ndikukulonjezani kuti chaka chamawa tidzandandanso, ine patsogolo, ndipo voti ya aliyense idzawerengedwa.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinati