Mpeni wa Aranka Musautsuke

Linz,
9 Okutobala

Okondedwa achemwali Etelka,

Ndiyambe ndi moni kwa inu ndi alamu anga a Gáspár. Kodi muli bwanji kumeneko? Msana uja wakusiyani, kapena mukungoubisa monga mwa chizolowezi chanu? Nanga alamu, shuga wawo akumusamala? Ine kuno ndilipo. Bondo lakumanzere ndi limene layamba kundiuza kuti chisanu chayandikira, koma masitepe ndikukwerabe.

Mudabwa kuti ndakulemberani kalata pamene tinalankhulana pa foni Lamlungu lomweli. Mawu ndinali nawo tsiku lija, koma mutayamba kufotokoza za laimu ndi makatani ndinawameza. Mukundidziwa. Papepala ndimatha kufika kumapeto kwa nkhani.

Ntchito ili momwemo. Nyumba zosanja zimene ndimasamalira zagulidwa ndi anthu ena, ndipo kapitawo watsopano amafuna chilichonse chilembedwe pa foni, ngakhale kusintha babu. Masamba ayamba kugwa. M'mawa ndimasesa bwalo lonse, pofika masana mphepo yabwezera pomwepo. Sindidandaula, tsache limathandiza kuti tsiku lithe. Kuphika ndaphunzirako. Msuzi wa nyemba ndimautha, kungoti ndimaphikabe wa anthu awiri, ndiye mawa lake ndimadya womwewo. Loweruka likubwerali ikwana miyezi isanu ndi itatu chimwalirire mkazi wanga Aranka.

Nkhani imene ndalembera ndi ya Emese. Mwina mwaona kale kuti mwana wangayu sakunditchula akamalankhula nanu. Patha masabata asanu ndi limodzi osandiimbira. Ndikaimba ine amayankha mwaulemu ngati akulankhula ndi munthu wa ku ofesi, kenako amati ana akumufuna. Chayambitsa zonsezi ndi mpeni. Musaseke, achemwali. Ndikukumbukira kuti inu ndi malemu amayi munkanena kuti mipeni yanga yakaleyi tsiku lina idzandithetsera banja.

Mukuikumbukira mipeni iwiri yopinda imene ndinagula pa msika wa ku Szentes chaka choyamba cha ukwati wathu? Inali mapasa, yosulidwa ndi mmisiri mmodzi, chidindo chake chili patsinde pa chitsulo. Zigwiriro zinali za fupa la mwendo wa ng'ombe, zoyera mbee, chifukwa inakhala zaka zambiri m'bokosi la nkhalamba ina osadula kanthu. Pa mipeni yonse imene ndatolera moyo wanga wonse sindinapezenso yofanana nayo. Ndinafika nayo kunyumba ndikuyenda ngati ndanyamula mazira. Ndinaiika patebulo n'kupita kukasamba m'manja, pobwera ndinapeza Aranka akung'amba mapulamu ndi umodzi, madzi ake atayenderera kale pa fupa. Ndinakhala masiku awiri osamulankhula. Tsiku lachitatu anatenganso winawo, akuti popeza ndakwiya kale, bola ndikwiyire kamodzi.

Kuyambira pamenepo inali yake. Umodzi tinabwera nawo kuno, winawo unatsala kumudzi kuti azigwiritsa ntchito tikabwera nthawi ya mapulamu. Mipeni yanga ina yonse ankaitchula kuti zibwenzi zanga. Akandipeza Lamlungu masana ndatulutsa madirowa, ndikupukuta umodziumodzi ndi kansalu ka mafuta, ankaima pakhomo n'kufunsa ngati zibwenzizo zidzandiphikire iye akadzachokapo. Ndinkamuyankha kuti zilibe pakamwa, n'chifukwa chake ndimazikonda. Ankaseka n'kundigenda ndi khoko la anyezi.

Wa kunowu unakhala m'thumba la epuloni yake zaka zoposa makumi atatu. Ankasendera mbatatesi, kudulira buledi ndi nyama yankhumba yowamba, kutsegulira makalata, ngakhale kumangira sikuluwu ya poto, ine ndikuyang'ana kumbali. Fupa linasanduka lachikasu, kenako lofiirira ngati uchi wakale. Pamene pankakhala chala chake chachikulu panakumbika kadzenje kosalala, kakuda. Kunsonga kunabenthuka pang'ono tsiku lina akutsegula chitini. Chaka ndi chaka ndinkamupempha kuti andipatse tsiku limodzi lokha ndiukonze. Yankho silinkasintha: ndikonze zibwenzi zanga, wakewo ndiusiye.

Titabwerako kumaliro epuloni ija inakhala pa msomali miyezi isanu, mpeni uli momwemo. Mu Julayi, Lamlungu lina kukugwa mvula, ndinaganiza zoupatsa malo aulemu m'dirowa yapamwamba, pakati pa mipeni yabwino kwambiri. Nditauika pa nsalu yobiriwira ya m'dirowamo unaoneka wakuda pakati pa inzake. Ndinati ndingochotsa dzimbiri la popindira pokha. Dzimbiri litachoka, chitsulo chinaoneka chothimbirira, ndiye ndinachipukuta. Chitsulo chitawala, nsonga yobenthuka ija inayamba kundibaya m'maso, ndinatenga mwala wonolera. Kenako sandipepa pa fupa. Achemwali, sindinamwe kanthu tsiku limenelo, ndipo sindinkalira. Mtima unali phee koyamba chichitikire maliro. Manja ankangogwira ntchito imene amaidziwa, ine ndikumva bwino. Ine yemwe uja amene ndimauza anthu pa msika kuti fupa lakale silipalidwa.

Mvula itakata ndinapita nawo pazenera kuti ndiuone bwino. Unali woyera ngati tsiku limene ndinaugula. Ndinaika chala changa pamene pankakhala chake, ndinapeza pali pathyathyathya. Fumbi la fupa ndinali nditalikutumulira kale m'bini.

Loweruka lotsatira ndinauonetsa Tivadar, mnzanga wochokera kwathu komweko amene timayala naye tebulo limodzi pa msika wa zinthu zakale. Ndinkafuna munthu woti andikalipire. Iye anavala magalasi, anauzunguza m'manja, n'kuimba likhweru. Anati tsopano wakhala mpeni, osati chokumbira mbatatesi chija.

"Amwene, luso lonseli mukungosesera masamba a anthu? Mukanayamba kale bwenzi muli ndi shopu yanu ku Vienna, ine ndikukulonderani pakhomo."

Kenako anafunsa ngati ndingausinthanitse ndi iwiri yake ya zigwiriro za nyanga, n'kuwonjezera kuti asandinamize, umodzi mwa iwiriyo ndi wolumala pang'ono ngati mwini wake. Ndinabweza mpeni m'thumba, ndinamuuza kuti ndikukagula khofi. Ndinazungulira msika wonse kawiri. Si munthu woipa Tivadar. Kungoti mkazi wake akadali ndi moyo.

Kumapeto kwa Ogasiti Emese anabwera kuchokera ku Győr kudzandithandiza kulongedza zovala za mayi ake. Tinagwira ntchito bwino tsiku lonse, mpaka tinasekako titapeza maswiti obisidwa m'nsapato zachisanu. Ndolo sanazifune, makina osokera sanawafune, chikhoti chaubweya anati ndikapereke ku tchalitchi. Tikumaliza anapisa dzanja m'thumba la epuloni, anapeza mulibe kanthu. Anati chinthu chokhacho chimene akufuna ndi mpeni wa mayi ake, chifukwa ndi umene ankamusendera maapulo ali mwana, ndipo akatsinzina amaona chala chija chili pa fupa.

Ndinatsegula dirowa n'kumupatsa. Anauyang'ana nthawi yaitali. Anautsegula, anayang'ana nsonga, anautseka.

"Ababa, uwu si wa amayi."

Ndinati ndi womwewo. Anafunsa kuti weniweniwo ndapatsa ndani, Tivadar kapena munthu wina wokonda zidindo zosowa, ndipo ndalandira chiyani m'malo mwake. Anati akudziwa mmene timachitira anthu a mipenife, kuti tikaona chidindo chosowa timaiwala ndi dzina lathu lomwe. Anandikumbutsa za wotchi ya agogo ake imene ndinasinthanitsa ndi mpeni iye ali ku sekondale. Zimenezo n'zoona, ndinachitadi. Sanakweze mawu. Anauika patebulo pang'onopang'ono, n'kunena kuti ndikanangomuuza kuti unapita, kusiyana n'kumupatsa wina ngati mwana wolira amene amangomupatsa chidole chilichonse kuti atonthole.

Ndinamunyamulira zikwama mpaka pagalimoto. Atalowa anatsitsa galasi, ndinayesa anena kanthu, koma anangondiuza kuti ndizimwa mankhwala a bondo.

Mundifunsa chifukwa chake sindinamuuze kuti ndinaupala ndekha. Inenso ndadzifunsa. Mpeni ukasinthanitsidwa umakhala kuti ulipo kwinakwake, m'dirowa ya munthu wina, kadzenje kaja kali pomwepo, ndipo munthu angathe kuulondola. Ndikuganiza kuti pa nthawiyo ndinaona kuti bola andiyese wogulitsa zinthu za mayi ake, kusiyana n'kuti adziwe kuti palibenso choti n'kulondola. Mwinanso ndinangochita manyazi. Sindikudziwa chimene chinakula pa ziwirizi.

Woyerawo sindinaubwezere m'dirowa. Ndimayenda nawo m'thumba, ndimadulira buledi pa nthawi yopuma. Fupa lidzadanso, ndikudziwa, koma chala chidzakhala changa, ndiye sizithandiza aliyense. Madirowa enawo sindinawatsegule chichokere Emese, ndipo ku msika ndamuuza Tivadar kuti bondo likundiletsa kuima nthawi yaitali.

Tsopano pempho langa, ndipo ndi limodzi lokha. Munanena pa foni kuti sabata yamawa muyamba kukonza nyumba yathu ya kumudzi, kuti Emese ndi ana adzagonemo akabwera kudzayatsa makandulo pa manda tsiku la Oyera Onse. Ndikuthokoza kwambiri. Koma musanalowetse ndowa m'khitchini yapanja, chonde fufuzani mpeni winawo. Uyenera kuti uli momwemo. Chaka chatha Aranka anang'amba nawo mapulamu onse a jamu, ali kale wofooka, atakhala pa kampando kaja pafupi ndi chitseko. Yambani ndi kashelefu ka pamwamba pa zenera, kuseri kwa mabotolo. Ngati palibe, onani m'chitini cha mbewu za tsabola, kapena m'thumba la juzi yotuwa imene ili kuseri kwa chitseko.

Mukaupeza mudzaona kuti ndi wauve. Udzakhala ndi madzi a mapulamu ouma, mwina ndi dzimbiri, mwinanso sudzatseguka n'komwe. Musautsuke. Musauviike m'madzi otentha, musaupake sopo kapena viniga, ngakhale kuupukuta ndi nsalu ayi. Ndikukudziwani, achemwali, ndinu amene munakwecha poto wa amayi mpaka anabooka. Ndipo alamu asauone. Ndimawalemekeza, koma a Gáspár akangoona chitsulo amathamangira nacho ku makina awo onolera, ndipo chikwakwa chathu chija anachinola mpaka chinatsala ngati waya. Muukulunge m'pepala louma mmene ulilimo, muubise m'kabati mwanu.

Emese akafika mumupatse m'manja muli awiri, ana ali panja. Fupa la umenewo silinakumbike kwambiri ngati la kuno, chifukwa unkagwira ntchito mwezi umodzi pa chaka, koma chala chilipo, ndinachionapo. Akafunsa za winawo mumupatse kalatayi awerenge yekha. Musandiikire kumbuyo, ndipo musamukakamize kundiimbira. Mwina akwiya kuposa mmene wakwiyira panopa. Zikatero n'zomveka. Bola akwiyire chimene ndinachitadi.

Ngati simuupeza mundiuze mosabisa, ndipo kalatayi mumupatsebe. Musavutike kupita kumsika kukafuna wofanana nawo. Mwana ameneyu amachidziwa chala cha mayi ake.

Tchuthi ndapempha ndipo andilola, koma sindinatsimikize ngati ndibwere pa Oyera Onse penipenipo. Ndikufuna Emese akaime pa manda a mayi ake momasuka, osati azikasowa koyang'ana chifukwa ine ndaima tsidya linalo. Ndikapanda kuoneka mundiyatsireko kandulo imodzi. Maluwa akhale achikasu, oyera sankawakonda. Ine ndidzafika pambuyo pake, anthu atachepa.

Mundiperekere moni kwa alamu, koma za chikwakwazo musawawerengere. Moni kwa azakhali a Jolán, muwauze kuti masokosi aja anafika ndipo ndikuvala. Moni kwa ana anu ndi adzukulu onse, komanso kwa a Benedek, achimwene ake a malemu Aranka, mukakumana nawo ku tchalitchi. Adzukulu angawo akafika muwapsompsone m'malo mwanga.

Mawu otsiriza ndi awa. Mukaupeza, mwina mudzandimvera chisoni n'kuganiza zonditumizira kuno kuti ndiuone kaye. Musatero, ngakhale nditakupemphani ndekha pa foni, ngakhale nditanena kuti ndingouona tsiku limodzi lokha. Ndikuulakalaka kwambiri, achemwali. Koma manja angawa sindikuwakhulupirira.

Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mlongo wanu,
Vendel