Thadzi lanu silinapite ku Bangwe

Amayi, kumeneko muli bwanji? Kuno ku Chilomoni kwatentha, mvula sinayambe. Mng'ono wanga Esnati wachira ku Bangwe, mwana wamkazi, amutcha dzina lanu.

Chitopa chinalowa m'khola mwanu mwezi wathawu. Nkhuku zinayamba kuwodzera, kutsekula zobiriwira, kenako kugwa. Ndinathira tsabola m'madzi monga munkachitira, koma sizinathandize. Linatsala thadzi limodzi, lakameta lija, la mtundu umene munabwera nawo kuchokera ku Nsanje. Munkati nkhuku zimenezi musamadye zonse, ndi abale anu.

Ndinaganiza zolithawitsira kwa Esnati, monga aliyense akuchitira kuno. Ndinalimanga miyendo, ndikupita kokwerera minibasi. Panjira ndinakumana ndi a Semba, alangizi a ziweto amene timapemphera nawo kumphakati. Anandibweza. Anati thadzilo likhoza kukhala ndi kachilombo kale, ndikapha nalo nkhuku za Esnati.

Anandifotokozera zimene anamva kumaphunziro. Zina ndinazikumbukira za ku sekondale, kuti thupi limamangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono totchedwa maselo. Chimene sindinkadziwa n'chakuti selo lililonse limabadwa ndi njira yodziphera lokha mwadongosolo likawonongeka, kuti thupi lonse lipulumuke. Kachilombo ka chitopa kakalowa m'selo kamapanga mapuloteni ake, ndipo ena mwa iwo amadzutsa njira imeneyi. Maselo a m'matumbo, a muubongo, ngakhale oteteza thupi, amafa ambirimbiri.

Amayi, ndisakubisireni, zimenezi zandisowetsa mtendere. Mulungu anaikamo imfa kuti itisunge, ndiye kachilombo n'kuigwiritsa ntchito potimaliza? Pa Misa ndimangoganiza za inu pa bedi lija m'chipatala, tsiku limene munatisiya. Bambo mfumu sindinawafunse, ndikuopa kuti ndi funso lochimwa.

Thadzi lija ndinabwerera nalo kunyumba. Linadwaladi. Ndinkalimwetsa madzi ndi supuni, ndikudikira kuti ndikalikwirire pamene ndinakwirira zinzake. Silinafe. Khosi lapindika, a Semba akuti mwina silidzawongokanso. Limajompha pambali pa gaga kawiri katatu lisanapeze, koma likudya, ndipo dzulo linapalasa pansi pa mpapaya wanu. Nkhuku za Esnati zonse zili moyo.

Likadzaswa anapiye ndidzawapatsa katemera, ndipo msoti woyamba ndidzaupereka kwa mdzukulu wanu wadzina. Ndalonjeza.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Agnesi